Zovala za panjinga yamoto: zimene zimatetezadi ndi mmene zimagwirira ntchito

Munthu akagwa panjinga yamoto amavulala m'njira ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kumenyetseka, pamene mutu, phewa, chigongono kapena bondo zagunda pansi, pagalimoto kapena pamtengo. Yachiwiri ndi kukhwekhwerezeka: njinga yagwa kale, koma thupi likupitabe ndi liwiro lomwe linali nalo, likukhula pamsewu. Chimene chimathandiza pa kumenyetseka n'chosiyana ndi chimene chimathandiza pa kukhwekhwerezeka, ndipo zonsezi zimakhala zopanda ntchito zikachoka pamalo ake munthu asanaime. Amene wamvetsa zimenezi savutika kusiyanitsa chovala choteteza ndi chovala chongooneka ngati cha anthu a njinga.

Liwiro la makilomita 50 pa ola, limene ambiri amaliona ngati laling'ono, ndi mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Kugunda chinthu cholimba pa liwiro limeneli kumafanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Ngati palibe chimene wagunda, munthu amakhwekhwerezeka mamita oposa 10, kwa masekondi pafupifupi awiri, thupi lonse likulemera pa tizigawo tochepa timene takhudza pansi. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya ngoziyo imawirikiza kanayi, ndipo mtunda wokhwekhwerezeka nawonso umatalika kanayi. Komanso mutu wa munthu wokhala panjinga umakhala pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Ngakhale njinga itagwa ili chiimire, mutuwo umafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 20 pa ola, ndipo limeneli ndi lokwanira kuswa chigaza. Choncho mawu oti "ndikungopita pafupi pompa" alibe chitetezo chilichonse, chifukwa msewu wa pafupi ndi wa kutali kulimba kwake n'kumodzi.

Helemeti

Nkhani yofufuza za helemeti inalimbikitsidwa kwambiri ndi imfa ya T. E. Lawrence, msilikali wotchuka wa ku Britain, amene anagwa panjinga yake yamoto mu 1935 n'kumwalira patapita masiku ochepa chifukwa chovulala m'mutu. Mmodzi mwa madokotala amene anamusamalira, Hugh Cairns, anayamba kufufuza imfa za asilikali oyenda panjinga zamoto, ndipo mu 1941 gulu lankhondo la Britain linalamula kuti asilikali amenewa azivala helemeti. Kuchokera nthawi imeneyo umboni wachuluka kwambiri. Mu 2008 bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zaumoyo, linaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti helemeti imachepetsa mpata womwalira pa ngozi ndi 42 peresenti, ndipo mpata wovulala m'mutu ndi 69 peresenti. Palibe chovala china chimene chimafika pamenepo.

Ambiri amaganiza kuti chimene chimapulumutsa mutu ndi chigoba chakunja cholimbacho. Chigobacho chili ndi ntchito yake: chimaletsa zinthu zosongoka kulowa, chimamwaza mphamvu kuti isagwere malo amodzi, ndiponso chimatsetsereka pamsewu kuti mutu usakodwe. Koma ntchito yaikulu imagwiridwa ndi thovu louma limene lili mkati mwake, la mtundu wa EPS, lofanana ndi loyera lija amatchinjirizira nalo zipangizo zamagetsi m'makatoni, kungoti la m'helemeti ndi lothinana mwadala pa mlingo woyezedwa. Ubongo ndi wofewa ndipo umayandama m'madzi mkati mwa chigaza. Mutu ukaima mwadzidzidzi, ubongo umapitirira n'kukamenya kukhoma kwa chigazacho, timitsempha n'kuduka. Thovu lija likamaphwanyika limatalikitsa nthawi imene mutu ukuima, ngakhale ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka sekondi, ndipo kanthawi kameneka ndi kamene kamasiyanitsa munthu wodzuka yekha ndi munthu wonyamulidwa. Siponji yofewa imene imakhudza tsitsi ndi masaya ndi yongothandiza kuti helemeti igwire bwino ndi kuyamwa thukuta.

Thovu limeneli likaphwanyika silibwereranso. Helemeti imene yamenyetseka mutu uli mkati yatha ntchito, ngakhale kunja ikuoneka yosalala, chifukwa kuwonongekako kumabisika pansi pa chigoba. Pa chifukwa chomwechi, helemeti yakale yomwe simukudziwa mbiri yake si yoidalira. Thovuli limasungunukanso ndi petulo, tinala ndi penti, choncho musamaike helemeti pathanki kapena kuipenta, ndipo musamaikoleke pagalasi loonera kumbuyo chifukwa galasilo limaboola thovu pang'onopang'ono pamalo amodzimodzi. Opanga ambiri amalangiza kusintha helemeti ikatha zaka pafupifupi zisanu ikugwira ntchito, popeza thukuta, mafuta a m'tsitsi ndi dzuwa zimafooketsa zamkati.

Helemeti yeniyeni imakhala ndi chizindikiro cha muyezo umene inayesedwa nawo. Muyezo wa United Nations wotchedwa ECE 22, umene mayiko ambiri amatsatira, chizindikiro chake chimasokedwa palamba wa pachibwano: chilembo E mkati mwa kamzere kozungulira, pambali pake nambala ya dziko limene linavomereza, monga E1 ya Germany kapena E3 ya Italy. Nambala yaitali yotsatira imayamba ndi 05 kapena 06. Muyezo wa 22.05 umagwetsa helemeti pa liwiro la mamita 7.5 pa sekondi, ndipo wa 22.06, womwe ndi watsopano, unawonjezera malo ogundapo, maliwiro osiyanasiyana, ndi kuyesa kugunda mopendekera, kumene kumapotokola mutu n'kuvulaza ubongo koopsa. Kumapeto kwa nambalayo kuli chilembo china chofunika kuchiwerenga: P akusonyeza kuti mbali ya pachibwano inayesedwa ndipo imateteza, J ndi helemeti yopanda chibwano, NP ndi yokhala ndi chibwano chosateteza. Ku United States kuli muyezo wa DOT, wotchedwanso FMVSS 218, ndi wa bungwe la Snell. Stika ya kumbuyo n'njosavuta kuipeka, ndiye gwirani helemetiyo m'manja. Thovu lake likhale lolimba ndi lochindikala masentimita awiri ndi theka kapena kuposa, lamba akhale wokhomedwa ndi timisomali tachitsulo, ndipo yotseka nkhope yonse imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Yopepuka kwambiri, imene mbali zake zimapindika mukaifinya ndi manja, ndi chipewa wamba. Chisoti cha anthu omanga nyumba nachonso sichikwanira, chifukwa anachipangira zinthu zogwa kuchokera kumwamba ndipo chilibe thovu la m'mbali.

Pa mitundu ya helemeti, yotseka nkhope yonse ndi imene imateteza kwambiri. Dietmar Otte wa ku Hannover ku Germany atafufuza malo amene mahelemeti amagunda pa ngozi, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limakhala pachibwano ndi pansagwada. Helemeti yotsegula kumaso imasiya mbali yonseyi pamtunda: mano, mphuno, nsagwada. Yotsegulika m'mwamba ndi yabwino ikakhala yotseka ndi yokhoma poyenda.

Helemeti yabwino koma yaikulu imavuka kapena kuzungulira pa nthawi imene ikufunika. Yezani mutu ndi tepi, mozungulira, masentimita awiri pamwamba pa nsidze ndi pamwamba pa makutu. Kwa opanga ambiri saizi ya M ndi masentimita 57 mpaka 58, koma mitu imasiyana kaumbidwe, choncho kuiyesa n'kofunika. Yatsopano iyenera kuthina pang'ono ndi kukanikiza masaya, popeza siponji imafwamphuka ikamavalidwa. Ivaleni kwa mphindi 15. Ikayamba kupweteka pamalo amodzi pamphumi, kaumbidwe kake si ka mutu wanu. Mukaigwedeza uku ndi uku, khungu la pamphumi liyende nayo limodzi. Kenaka mangani lamba, ikani manja kumbuyo kwa helemetiyo n'kuikankhira kutsogolo mwamphamvu ngati mukufuna kuivula. Ikavuka kapena kuphimba maso, siyani. Lamba akhale pansi pa chibwano, chakukhosi, ndipo pakati pa lamba ndi khungu pazilowa chala chimodzi kapena ziwiri basi. Helemeti yosamanga imachoka pa kugunda koyamba, mutu n'kukamenya kachiwiri uli wopanda kanthu. Kuvala kapusi mkati kapena kutsekera foni pakati pa tsaya ndi helemeti kumawononga kagwiridwe kake.

Galasi lakutsogolo limateteza maso ku fumbi, timiyala ndi tizilombo touluka. Likakandika kwambiri limamwaza kuwala kwa magalimoto obwera kutsogolo, ndiye lisintheni. Lipukuteni ndi madzi ndi kansalu kofewa, osati pepala louma. Lakuda ndi la masana okha. Pali ena amene amakana helemeti ati imathyola khosi kapena imatseka makutu, koma kafukufuku sanapeze umboni woti imawonjezera kuvulala kwa khosi, ndipo hutala kapena kulira kwa injini zimamvekabe bwinobwino.

Manja ndi mapazi

Munthu aliyense akamagwa amatsogoza manja, ndipo sachita kuganiza. Zikhatho ndiye zimayamba kukhudza msewu. Khungu la m'chikhatho likasupuka, pansi pake pali mitsempha yoyendetsa zala, ndipo dzanja lovulala choncho limatenga nthawi yaitali kuti lizigwiranso ntchito, mwina osabwereranso mwakale. Munthu wovulala manja onse awiri amalephera kudya, kusamba ndi kuvala yekha kwa milungu ingapo.

Magolovesi oyenera amakhala ndi chikopa m'chikhatho, makamaka cha mbuzi kapena cha ng'ombe, chowirikiza kumunsi kwa chikhatho ndi m'mbali mwa kachala kakang'ono. Abwino kwambiri ali ndi kapulasitiki kolimba kumunsi kwa chikhatho. Ntchito yake ndi kuchititsa dzanja kutsetsereka, chifukwa dzanja likagwira msewu n'kuima thupi likupitirira, limapindikira kumbuyo n'kuthyola kafupa ka polumikizira dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu. Kafupa kameneka kamachedwa kupola chifukwa magazi amafikako ochepa. Chinthu chofunika kuposa zonse ndi kalamba ka pamkono. Mangani, kenaka kokani golovesiyo ndi dzanja linalo. Ikavuka, msewu udzaivulanso. Muyezo wake ndi EN 13594, ndipo zilembo KP zimasonyeza kuti chotchinga mfundo za zala chinayesedwa. Magolovesi asakhale aatali zala, kuti musamavutike kugwira buleki ndi kilachi.

Miyendo ndi mapazi ndi zina mwa ziwalo zimene zimavulala kawirikawiri, chifukwa njinga ikagwa imagwera pamwendo, ndipo ngakhale yaing'ono imalemera makilogalamu pafupifupi 100 kapena kuposa. Nsapato wamba imavuka msanga, ndipo akakolo amakhala mafupa ophimbidwa ndi khungu lokha. Nsapato yoyenera imakwera kupitirira akakolo, ili ndi zotchinga mbali zonse ziwiri za kakolo, chidendene cholimba ndi kutsogolo kolimba. Iyeseni chonchi: igwireni kuchidendene ndi kutsogolo n'kuipotokola ngati mukufinya chovala chochapa, kenaka ifinyeni m'mbali. Ikapindika mosavuta, phazi lanu lidzapindika nayo. Pansi pake pakhale posaterera, chifukwa anthu ambiri amagwa ataima, phazi litaterera pa mafuta kapena mchenga. Zingwe zomangira zimakodwa pa giya kapena pachopondera, munthu n'kulephera kutsitsa phazi akaima, choncho zibiseni mkati. Muyezo wa nsapato za njinga yamoto ndi EN 13634. Ngati mulibe zimenezi, jombo iliyonse yachikopa yolimba yophimba akakolo ndi yabwino kwambiri kuposa nsapato zothamangira, ndipo masilipasi asayandikire n'komwe.

Jekete ndi buluku

Chilonda chokhwekhwerezeka ambiri amachipeputsa, koma madokotala amachisamalira ngati chilonda cha moto. Msewu umachotsa khungu, nthawi zina mpaka pamnofu kapena pafupa, n'kulowetsamo mchenga ndi timiyala. Kuchitsuka kumapweteka kwambiri, chimatukusira msanga, ndipo chachikulu chimafuna kudula khungu pena n'kulimata pamenepo. Buluku la jinzi wamba limabooka isanathe sekondi imodzi, pamene munthu akhwekhwerezeka masekondi awiri kapena kuposa. Nsalu zopyapyala za poliyesitala ndi nayiloni zili ndi vuto lina: kukhulana ndi msewu kumatulutsa kutentha, nsaluyo n'kusungunukira m'chilonda.

Chikopa cha ng'ombe chochindikala mamilimita 1.2 mpaka 1.4 chimapirira bwino kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ochita mpikisano amavalabe chikopa mpaka lero. Jekete yachikopa yongotchenera ndi ina: chikopa chake n'chopyapyala ndipo misoko yake ndi yofooka. Pa nsalu zopangidwa kufakitale pali nayiloni wolimba monga Cordura, ulusi wa aramid umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Kevlar, womwe susungunuka ndi kutentha, ndi ulusi wa mtundu wa Dyneema. Majinzi a njinga yamoto amalukidwa ndi ulusi umenewu kapena amakhala nawo mkati, m'matako, m'chiuno ndi m'mawondo.

Koma nsalu yolimba sithandiza ngati msoko waphulika. Zovala zambiri zimalephera pamsoko. Tembenuzani jekete muone mkati: pamapewa, pazigongono ndi kumsana misoko ikhale iwiri kapena itatu, ndipo umodzi ukhale wobisika kuti msewu usadye ulusi wake. Chovala chopangidwa ndi tizidutswa tambiri chili ndi malo ambiri ong'ambikira. Manja a jekete azimangika pamkono kuti asakwinyikire m'mwamba, ndipo jekete ikhale yogwira m'chiuno, makamaka yolumikizika ndi buluku pogwiritsa ntchito zipi. Munthu akamakhwekhwerezeka miyendo ili kutsogolo, jekete yotayirira imakwera mpaka m'khwapa, msana wonse n'kukhala pamsewu. Jekete yosatseka zipi ili ngati palibe. M'matumba musamaike makiyi, sipanala kapena cholembera, chifukwa pogwa zimalasa.

Ku Ulaya zovala zimenezi zimayesedwa ndi muyezo wa EN 17092, umene umaona kupirira kwa nsalu, kulimba kwa misoko ndi kung'ambika. Chizindikiro chake ndi kachithunzi ka munthu ali panjinga yamoto ndi zilembo. AAA ndi yolimba kwambiri, AA ndi yapakati ndipo imakwanira maulendo ambiri, A ndi yopepuka yoyenera liwiro la m'tauni. B imapirira kukhwekhwerezeka koma ilibe zotchinga mafupa, pamene C ndi chovala chongogwira zotchingazo ndipo chimafuna china pamwamba pake. Mawu ongoti "CE" popanda nambala ya muyezo nthawi zina amanena za zotchinga zokha, osati jekete yonse, ndiye werengani lebulo bwino.

Zotchinga mafupa ndi timapadi timene timalowetsedwa m'matumba a mkati, pamapewa, pazigongono, m'chiuno, m'mawondo ndi kumsana. Poziyesa amagwetsapo chitsulo cha makilogalamu 5 kuchokera pa mita imodzi, n'kuyeza mphamvu imene yadutsa. Pa muyezo wa EN 1621-1, wa manja ndi miyendo, Level 1 imalola mphamvu yosapitirira 35 kN (kN ndi muyeso wa mphamvu yokankha) ndipo Level 2 yosapitirira 20 kN. Pa EN 1621-2, wa kumsana, Level 1 ndi 18 kN ndipo Level 2 ndi 9 kN. Nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Majekete ambiri amabwera ndi kasiponji wamba m'thumba la kumsana, kongodzazira malo. Katulutseni muone ngati kali ndi chizindikiro, ndipo ngati kalibe, ikanimo chotchinga chenicheni. Poyesa buluku, khalani panjinga kapena pampando mutapinda mawondo. Chotchinga chiphimbe bondo muli chikhalire, osati muli chiimire, ndipo mukachikankha ndi dzanja chisasunthire kumbali. Chimene dzanja lingasunthe, msewu udzachisuntha kwambiri.

Umboni wa zonsezi ulipo. Liz de Rome ndi anzake anafufuza anthu 212 amene anachita ngozi panjinga zamoto m'dera la Canberra ku Australia, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2011. Amene anavala jekete, buluku kapena magolovesi a njinga yamoto sankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri poyerekeza ndi amene sanavale. Zovalazo zikakhala ndi zotchinga, mpata wovulala manja ndi mapazi unkatsika pafupifupi ndi theka, ndipo wa miyendo unkatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso zinthu ziwiri zofunika kuzinena poyera. Choyamba, sanapeze kuti zotchingazo zimachepetsa kuthyoka kwa mafupa. Chachiwiri, pa zovala zinayi zilizonse zogulitsidwa monga za njinga yamoto, choposa chimodzi chinang'ambika pa ngoziyo. Zovala zimenezi zimateteza kwambiri khungu ndi mnofu, zimachepetsa mabala akuya ndi matenda olowera pabala, ndipo fupa likathyoka zimathandiza kuti pakhale potseka ndi paukhondo. Koma munthu akagundana ndi galimoto pa liwiro lalikulu, palibe jekete imene ingaimitse mphamvu imeneyo. Pachifuwa, chimene chayandikirako ndi jekete zokhala ndi chikwama cha mpweya chimene chimafufuma munthu akangoyamba kugwa. Mpikisano wa njinga zamoto wa MotoGP unalamula kuti okwera onse azivala zimenezi kuyambira mu 2018, ndipo tsopano zilipo za pamsewu.

Kutentha, mvula, phokoso ndi kuoneka

Chifukwa chachikulu chimene anthu amasiyira zovalazi ndi kutentha, ndipo dandauloli ndi loona. Munthu wotenthedwa kwambiri amatopa, amachedwa kuganiza ndipo amalakwitsa. Yankho lake ndi zovala zopangidwira nyengo yotentha: jekete yokhala ndi nsalu ya maukonde pachifuwa ndi kumsana koma yolimba pamapewa ndi pazigongono, magolovesi a chikopa chobowola timabowo, ndi mtundu wowala. Mkati valani malaya opyapyala oyamwa thukuta, ndipo imwani madzi pafupipafupi musanamve ludzu. Kunja kukatentha kupitirira kutentha kwa khungu, madigiri pafupifupi 35, mphepo imaleka kuziziritsa n'kuyamba kuwotcha, moti khungu lovundukula limataya madzi msanga kuposa lophimbidwa. Pa nthawi yotero kunyowetsa malaya amkati kumathandiza. Kuzizira nako n'koopsa, chifukwa zala zozizidwa zimachedwa kugwira buleki. Chovala cha mvula chivalidwe pamwamba pa choteteza, chisakhale cholowa m'malo mwake, ndipo chisamakupize kufupi ndi tcheni.

Phokoso la mphepo mkati mwa helemeti limapitirira madesibelo 90 (muyeso wa kukula kwa phokoso) pa liwiro la makilomita 100 pa ola, pamene mlingo umene umayamba kuwononga makutu munthu akakhalamo tsiku lonse la ntchito ndi 85. Makutu akawonongeka motero sachira. Timapulagi ta m'makutu timachepetsa mkokomo wa mphepo koma hutala imamvekabe, ndipo munthu amafika asanatope kwambiri.

Ngozi zambiri za pamphambano zimachitika chifukwa woyendetsa galimoto sanaone njinga. Kafukufuku wa ku Auckland ku New Zealand, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti ovala zovala zowala kapena zonyezimira anali ndi mpata wochepa ndi 37 peresenti wovulala pa ngozi, ndipo ovala helemeti yoyera mpata wawo unali wochepa ndi 24 peresenti poyerekeza ndi ovala yakuda. Mitundu yowala ngati yachikasu ndi yalalanje imagwira ntchito masana, m'mawa ndi chakumadzulo. Usiku chimene chimaoneka ndi timizere tonyezimira tobweza kuwala kwa nyali za galimoto. Chikwama cha kumsana chisaphimbe timizereto.

Wokwezedwa, ndi zoyenera kuchita ngozi ikachitika

Wokwera kumbuyo amagwa pamsewu womwewo ndi liwiro lomwelo, koma nthawi zambiri ndi amene amapatsidwa helemeti yotsala, yaikulu ndi yoduka lamba. Iyenso afunika ya saizi yake. Mwana sangatetezedwe ndi helemeti ya munthu wamkulu, ndipo mwana amene mapazi ake safika pa zopondera sanafike poti n'kukwezedwa. Okwezedwa ndi amene amapsa kawirikawiri ndi paipi ya utsi, makamaka pakatumba ka mwendo wamanja pokwera kapena potsika, choncho buluku lalitali n'lofunika ngakhale pa ulendo waufupi. Wapsa athire madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapakapo mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Siketi yaitali, mpango wa m'khosi ndi zingwe za chikwama zimatha kukodwa mu tcheni kapena m'masipoko a gudumu lakumbuyo n'kumukokera munthu pansi, ndiye zipindidwe ndi kumangidwa njinga isananyamuke.

Amene sangathe kupeza zonse nthawi imodzi ayambe ndi helemeti yovomerezeka yomukwana, kenaka magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo, kenaka jekete ndi buluku. Podikira, zovala zochindikala zophimba manja ndi miyendo yonse zimaposa khungu lapamtunda, ngakhale sizifika pa zoyesedwa.

Mukapeza munthu wagwa, musathamangire kumuvula helemeti. Khosi likhoza kukhala lovulala, ndipo kukoka helemeti kungawononge mtsempha wa mumsana. Tsegulani galasi, lankhulani naye, gwirani mutu kuti usagwedezeke, ndipo itanani thandizo la chipatala. Ivuleni pokhapokha ngati sakupuma kapena akutsamwa ndi masanzi kapena magazi, ndipo pakhale anthu awiri: wina agwire khosi ndi nsagwada kuchokera pansi, wina atambasule helemeti m'mbali n'kuisolola pang'onopang'ono. Mahelemeti ena ali ndi timalamba tofiira pansi pa masaya tokokera siponji kuti avuke mosavuta. Munthu amene wamenyetsa mutu apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, makamaka ngati anakomoka, akusanza, akusokonezeka, akugona tulo tosadziwika bwino kapena mutu ukupweteka mowonjezereka, chifukwa magazi otayikira m'chigaza amatha kuonetsa zizindikiro patapita maola. Pitani nayo helemetiyo kuti adokotala aone pamene inagunda. Mabala okhwekhwerezeka atsukidwe ndi madzi oyera ambiri mpaka mchenga wonse utachoka, aphimbidwe ndi bandeji yoyera, ndipo wovulalayo afunse za katemera wa kafumbata.

Zovala zimene zagwa nazo ziunikidwe musanazivalenso. Helemeti isinthidwe. Pa jekete, buluku ndi magolovesi onani misoko yonse, malo amene nsalu yapyapyala kapena yachita kunyezimira chifukwa chosungunuka, ndi mazipi. Zotchinga zimene zang'aluka, zauma kapena zaphwatalala zichotsedwe n'kuikamo zina. Chikopa chimasokeka kwa mmisiri wodziwa amene ali ndi ulusi wolimba wa nayiloni, koma nsalu imene yaperepeseka paphewa, pachigongono kapena pabondo sidzapiriranso ngozi yachiwiri pamalo omwewo.